Maina Opanda Aneni: Chipembedzo cha Afremen m'Buku la Dune

Kumapeto kwa buku la Dune, limene Frank Herbert anatulutsa m'chaka cha 1965, kuli mndandanda wa mawu ndi matanthauzo ake umene owerenga ambiri amangoudumpha. Kwa wophunzira za ziyankhulo masamba amenewa ndiwo poyambira, pakuti m'menemo ndimo muli umboni wa momwe mlembiyu anaumbira Afremen, mtundu wopeka wa anthu okhala m'chipululu cha pulaneti ya Arrakis. Ambiri mwa mawu a mtunduwu anabwerekedwa ku Chiarabu, ndipo pafupifupi onse ndi maina: a zida, a maudindo, a miyambo ndi a zinthu zopatulika. Aneni ndi osowa, ziganizo zathunthu n'zowerengeka. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kusowa kwa aneniku kukupitirira pa chiyankhulo chokha. Herbert anawapatsa Afremen zinthu zoti azitchula koma anawamana mphamvu yomasulira okha chikhulupiriro chawo, ndipo chilema chimenechi chikufooketsa buku limene cholinga chake chinali kuchenjeza anthu za mpulumutsi wochokera kunja.

Herbert (1920-1986) anali mtolankhani wa ku America. M'chaka cha 1957 anapita ku Florence, m'chigawo cha Oregon, kukafufuza za ntchito ya boma yodzala udzu pamilu ya mchenga imene inkasuntha ndi mphepo n'kumakwirira misewu. Nkhani imene anapitirayo sinasindikizidwe, koma mchengawo unamukhala m'mutu. Magazini ya Analog inatulutsa nthanoyi m'zigawo kuyambira 1963 mpaka 1965, ndipo makampani osindikiza mabuku oposa 20 ataikana, inalandiridwa ndi Chilton, kampani yodziwika ndi mabuku a kakonzedwe ka galimoto. M'chaka cha 1966 bukuli linapata mphotho za Nebula ndi Hugo. Tsatanetsatane wa nkhani yake ndi wosavuta. Arrakis ndi malo okhawo kumene kumapezeka melange, mankhwala otalikitsa moyo amenenso oyendetsa zombo za mumlengalenga sangagwire ntchito popanda iwo. Mfumu yaikulu ipereka pulanetiyi kwa banja la Atreides monga msampha. Banja la Harkonnen, mothandizidwa ndi asilikali a mfumuyo, liwononga Atreides. Mnyamata wa zaka 15, Paul, ndi amayi ake, Jessica, athawira kuchipululu kumene Afremen awalandira. Patapita zaka zochepa Paul ndiye mneneri wawo ndi mtsogoleri wa nkhondo, ndipo alanda ufumu wonse. Herbert mwiniwake, m'nkhani imene analemba m'magazini ya Omni m'chaka cha 1980, anayerekeza bungwe loyendetsa malonda a melange ndi OPEC, choncho wowerenga amene akuona mafuta a ku Middle East m'mankhwalawa sakulota.

Pamene Herbert anachita bwino koposa ndi pa nkhani ya madzi, ndipo n'koyenera kukhalitsapo chifukwa ndi muyeso umene mbali zina za bukuli zikulephera kuufikira. Mfremen amavala chovala chimene chimasefa thukuta ndi mkodzo kuti amwenso. Stilgar, mtsogoleri wa mudzi wina wa m'mapanga, atakumana koyamba ndi Duke Leto, bambo a Paul, alavulira patebulo. Anyamata a Leto afuna kusolola mipeni, mpaka Duncan Idaho, amene anakhalako pakati pa Afremen, awauza kuti munthu wa m'chipululu akataya malovu ake chifukwa cha iwe wakupatsa ulemu waukulu. Paul atapha Jamis pa ndewu ya mwambo, thupi la wakufayo likamulidwa ndipo madzi ake, malita opitirira 33, ayesedwa mosamala pamaso pa anthu onse n'kuthiridwa m'dziwe lobisika la fuko. Paul apatsidwa mphete zoimira madziwo, pamodzi ndi udindo wosamalira mkazi wa Jamis, Harah, ndi ana ake awiri. Posadziwa mwambo, apempha mtsikana Chani kuti amusungire mphetezo, chimene kwa Afremen ndi chiyambi cha kufunsira mbeta. Pamaliro omwewo Paul akhetsa misozi, ndipo anthu agwidwa ndi mantha aakulu, ena kufika pomukhudza kumaso, chifukwa kuwononga madzi a m'thupi polira wakufa n'chinthu chosaoneka kawirikawiri.

M'zochitika zonsezi liwu limodzi, madzi, likusenza chuma, lamulo, ubale, ukwati ndi lumbiro. Wowerenga sachita kuuzidwa kuti Afremen ndi anthu oganiza. Akuona yekha kuti mwambo uliwonse waphuka pa vuto lenileni la moyo wawo ndipo mlendo akaulakwitsa amaoneka wopusa ndi iye. Pano Afremen ali ndi aneni: amayesa, amasunga, amabweza ngongole, amaweruza. Chochititsa chidwi n'chakuti m'ndime zimenezi mawu a Chiarabu ndi ochepa kwambiri. Amachuluka nkhani ikafika pa chipembedzo ndi nkhondo.

Tanthauzo la mawu obwerekedwawa likayerekezedwa ndi la ku gwero kwake, pakuoneka njira imodzi imene onse akhotera. Liwu lakuti Mahdi m'Chiarabu limachokera ku tsinde la h-d-y, kutsogolera, ndipo lili mu msintho wochitidwa: ndi munthu wotsogoleredwa, ndiye kuti wotsogoleredwa ndi Mulungu. Mndandanda wa Herbert ukulimasulira monga munthu amene adzatsogolere Afremen ku paradizo. Wotsogoleredwa wasanduka wotsogolera, ndipo Amene amatsogolerayo wachoka m'chiganizo. Lisan al-Gaib, dzina laulemu limene Aperezi anapatsa mlakatuli Hafez wa ku Shiraz wa m'zaka za m'ma 1300, limatanthauza lilime la zosaoneka, pakuti ghayb m'Chisilamu ndi zobisika zimene Mulungu yekha amadziwa. M'bukuli dzinali likutanthauza mneneri wochokera ku pulaneti ina. Zosaoneka zasanduka dziko lakunja, malo amene munthu angafikeko pa chombo. Mu mfuwu wa nkhondo wa Afremen muli liwu lakuti chouhada, limene bukuli likuti ndi ankhondo, pamene shuhada m'Chiarabu ndi mboni kapena ofera chikhulupiriro. Kalembedwe kake kakuulula njira imene liwuli linadzera: ch m'malo mwa sh ndi ou m'malo mwa u ndi kalembedwe ka Chifalansa, ndipo nkhondo ya ufulu ya ku Algeria (1954-1962) inali m'nyuzipepala pa nthawi imene Herbert ankalemba. Jihad, liwu la tsinde lotanthauza kuyesetsa kapena kulimbikira, limene akatswiri a Chisilamu akhala akukangana za malire ake kwa zaka mazanamazana, pakati pa Afremen latsala ndi tanthauzo limodzi lokha, nkhondo yosesa mapulaneti.

Woteteza Herbert angayankhe kuti nkhaniyi ikuchitika patapita zaka pafupifupi 20,000 kuchokera lero, ndipo kusintha kwa matanthauzo n'chikhalidwe cha chiyankhulo chilichonse. Zimenezi n'zoona, ndipo mayina ena akusonyeza kuti mlembiyu ankadziwa chimene akuchita: Muad'Dib, dzina limene Paul asankha, ndi la kambewa ka m'chipululu kamene Afremen amakalemekeza monga mphunzitsi wa anyamata, ndipo mu'addib m'Chiarabu ndi mphunzitsi. Koma kubwereka kwenikweni kwa mawu kumasiya zipsera zina. Liwu la Chiarabu lakuti masjid linafika m'Chichewa kudzera m'Chiswahili, linasintha katchulidwe n'kukhala mzikiti, linalowa m'gulu la maina la mu-mi, ndipo likachuluka ndi mizikiti. Sadaqa, chopereka chachifundo, inakhala sadaka, chakudya chokumbukira womwalira. Eni chiyankhulo ndi amene anapinda mawuwa kuti agwirizane ndi pakamwa pawo ndi miyambo yawo, ndipo sanawapindire mbali imodzi. Mawu a Afremen asunga maonekedwe a Chiarabu pafupifupi osasintha kwa zaka 20,000, pamene matanthauzo ake onse apendekera kumene nkhani ya Paul ikuwafuna. Dzanja limene lawapinda ndi la mlembi.

Chiyankhulo china chimene Afremen amagwiritsa ntchito pa miyambo, Chakobsa, chikuonjezera umboni. Dzinali Herbert analipeza m'buku la Lesley Blanch, The Sabres of Paradise (1960), lonena za Imam Shamil ndi nkhondo ya Asilamu a ku Caucasus yolimbana ndi Russia, mmene likutchulidwa monga chiyankhulo chachinsinsi cha alenje. Mawu akuti sietch ndi tabr, amene akupanga dzina la mudzi wa Stilgar, ndi a misasa ya ankhondo a Cossack, amene m'mbiri yeniyeni anali kumbali ya adani a Shamil. Ziganizo zochepa za Chakobsa zimene zili m'bukuli ofufuza anazipeza kuti n'zosakaniza Chiromani, Chiserbo-Croat ndi Chiarabu. Kwa wowerenga wa ku America wa mu 1965 zonsezi zinkamveka chimodzimodzi, zachilendo ndi zakum'mawa, ndipo ndiyo ntchito imene zinabwerekedwera. Makanema a Denis Villeneuve a 2021 ndi 2024 anayesa kukonza mbali imeneyi polemba ntchito David J. Peterson, amene anapanganso chiyankhulo cha Dothraki, kuti aumbe Chakobsa chokhala ndi malamulo athunthu. Aneni anapezeka, koma Chiarabu chochuluka chinachotsedwa, ndipo liwu lakuti jihad silimveka m'makanema onse awiri. Buku linali ndi Chiarabu chopanda malamulo. Kanema ali ndi malamulo opanda Chiarabu.

Vuto lalikulu lili pa gwero la ulosi umene Paul akukwaniritsa. Bukuli likunena poyera kuti ulosiwo unadzalidwa. Gulu la amayi la Bene Gesserit, limene Jessica ndi membala wake, lili ndi nthambi yotchedwa Missionaria Protectiva, imene ntchito yake ndi kufesa nthano ndi maulosi pakati pa anthu amene gululi limawaona ngati otsalira, kuti tsiku lina mmodzi wa amayiwa akadzakhala pamavuto adzakolole chitetezo. Ndime imene ikuonetsa bwino zimenezi ndi ya Shadout Mapes, mayi wa Chifremen wogwira ntchito m'nyumba ya Atreides. Mapes atulutsa mpeni wopatulika, wosemedwa kuchokera ku dzino la chinyongolotsi cha mumchenga, n'kufunsa Jessica ngati akudziwa tanthauzo lake; akalephera, mpeniwo umuthera pathupi. Jessica, pokumbukira maphunziro ake a ziyankhulo, ayamba kunena kuti mpeniwo ndi wopanga imfa, koma atangotchula liwu loyamba Mapes akuwa mwachisoni ndi chimwemwe, chifukwa Wopanga ndi dzina limene Afremen amatchulira chinyongolotsicho, chimene kwa iwo n'chopatulika. Jessica wapambana mayeso mwangozi, chiganizo chisanathe. Ndimeyi inalembedwa mwaluso, ndipo wophunzira za momwe omvera amamalizira okha tanthauzo la zimene akumva angaigwiritse ntchito m'kalasi. Komabe wowerenga ali m'mutu mwa Jessica, akuwerengera naye limodzi, ndipo Mapes akuoneka kuchokera kunja monga loko amene kiyi wake wapezeka.

Maloto a Afremen osandutsa chipululu kukhala dziko lobiriwira nawonso anabwera ndi mlendo, Pardot Kynes, katswiri wa zachilengedwe wotumidwa ndi mfumu. Mwana wake Liet, wobadwa kwa mayi wa Chifremen, ndi mmodzi mwa anthu ochepa a m'chipululu amene mfotokozankhani akulowa m'maganizo mwawo kwa mutu wathunthu, ndipo m'mutuwo, pamene akufa, mawu amene akumva ndi a bambo ake akumuphunzitsa sayansi. Ngakhale mitu ya bukuli ikutsegulidwa ndi zolemba za Irulan, mwana wa mfumu. Chiyembekezo cha kumwamba chinachokera kwa Bene Gesserit, chiyembekezo cha pansi pano kwa Kynes, mbiri yolembedwa kwa Irulan. Owerenga a kuno kum'mwera kwa Africa kaganizidwe aka akukadziwa. J. Theodore Bent atakumba pa Great Zimbabwe m'chaka cha 1891 ananena kuti makoma amenewo anamangidwa ndi alendo, Afoinike kapena Aarabu, ndipo ngakhale David Randall-MacIver (1905) ndi Gertrude Caton-Thompson (1929) anasonyeza kuti omanga anali Aafrika, boma la Rhodesia linakakamirabe bodzalo kwa zaka zambiri. Chizolowezi chake n'chimodzi: mbadwa ikapezeka ndi chinthu chachikulu, pafunike kufufuza amene anaibweretsera.

Pali zifukwa zomveka zoonera bukuli mwachifundo kuposa apa, ndipo Haris Durrani, m'nkhani yake ya mu 2021 yonena za Chisilamu cha mu Dune, anazifotokoza mwamphamvu. M'dziko la Herbert Chisilamu si cha Afremen okha: mfumu yaikulu ili ndi dzina laudindo la Chiperezi, Padishah, ndipo nkhondo yakale imene anthu onse anagonjetsera makina oganiza ikutchedwanso jihad. Panthawi imene nthano zambiri za sayansi zinkaonetsa tsogolo la Azungu okhaokha, Herbert analingalira tsogolo limene Chisilamu chili m'mitsempha ya anthu onse. Komanso pansi pa ulosi wodzalidwa uja pali chipembedzo china chimene Afremen sanapatsidwe ndi munthu. Iwo ndi zidzukulu za Zensunni, anthu amene anathamangitsidwa kuchoka pa pulaneti ina kupita pa ina, ndipo ali ndi mwambo wokumbukira makolo awo amene anagwidwa ukapolo m'mwezi wa Ramadan ndi kuletsedwa ulendo wa Hajj. Ndime ya mwambo umenewu ndi imodzi mwa zogwira mtima kwambiri m'buku lonse. Koma ndi yaifupi, ndipo sisuntha nkhani. Chimene chikusuntha nkhani ndi ulosi wa alendo.

Herbert sanabise kuti Paul ndi tsoka kwa Afremen. Chakumapeto kwa bukuli Paul aona kuti Stilgar, amene anali mtsogoleri woima payekha ndi bwenzi, wasanduka wopembedza, ndipo azindikira kuti munthuyo wachepa. Mu Dune Messiah (1969) Paul awerengera yekha kuti nkhondo yake yapha anthu 61 biliyoni. Amene amati Dune ndi nthano wamba ya Mzungu wopulumutsa mbadwa, yofanana ndi kanema wa Lawrence of Arabia (1962), sanawerenge mpaka kumapeto. Funso lotsala ndi lakuti tsokali likusimbidwa ngati la yani. Paul ndiye akuona nkhondo ikubwera, ndiye akuiopa, ndiye akulephera kuiletsa; bukuli likuti ngakhale iye atafa nkhondoyo ichitikabe, chifukwa ndi mphamvu ya mtundu wa anthu yofuna kusakaniza magazi. Afremen pamenepa ali ngati madzi osefukira, chinthu chimene chimachitika osati munthu amene amasankha. Buku loyamba lilibe mkulu wa chipembedzo wa Chifremen amene akuima n'kunena kuti ulosiwu ukumasuliridwa molakwa. Mbiri yeniyeni siyenda choncho. Muhammad Ahmad atalengeza kuti ndi Mahdi ku Sudan m'chaka cha 1881, akuluakulu ambiri a maphunziro a Chisilamu anamutsutsa pogwiritsa ntchito malemba omwewo amene iye ankadalira, ndipo mkanganowo sunathe ngakhale atalanda Khartoum mu 1885. Chipembedzo chamoyo chimadziwika ndi mikangano ya eni ake.

Villeneuve anaona mpata umenewu ndipo mu kanema wa 2024 anasandutsa Chani kukhala wotsutsa ulosi, n'kugawa Afremen pawiri, akumpoto okayika ndi akum'mwera okhulupirira mopyola muyeso. Kusinthaku kwapereka liwu kwa Mfremen, koma liwulo ndi la munthu amene ali kunja kwa chikhulupiriro. Stilgar, wokhulupirira, wakhala woseketsa anthu m'nyumba ya kanema. Wanzeru ndi wosakhulupirira, wokhulupirira ndi wopusa, ndipo munthu amene angatsutse Paul m'dzina la Shai-Hulud akusowabe. Herbert mwiniwake anayandikira kwa munthu wotere kamodzi, mu Dune Messiah, mwa msilikali wopuma dzina lake Farok, amene akusimba kuti analowa nkhondo chifukwa chofuna kuona nyanja, chinthu chimene sankakhulupirira kuti chilipo, ndipo atamira m'madzi ake n'kuvuuka, chilakolako cha nkhondo chinamuthera. Apa Mfremen akufotokoza chikhulupiriro chake ndi kutha kwake m'chiyankhulo cha madzi, chimene ndi chake. Masamba ochepa pambuyo pake waphedwa.

Mwa mawu onse a mu mndandanda uja, limene likuulula zambiri ndi Kitab al-Ibar, limene Herbert akuti ndi buku la Afremen la mapemphero ndi malangizo a kapulumukidwe m'chipululu. Umenewu ndi mutu wa buku lalikulu la mbiri la Ibn Khaldun (1332-1406), wobadwira ku Tunis, limene chiyambi chake, Muqaddimah, chinalembedwa mu 1377. Ibn Khaldun anaphunzitsa kuti anthu a m'chipululu, chifukwa cha moyo wowawa, amakhala ndi asabiyya, umodzi wolimba wa fuko, umene umawathandiza kugonjetsa anthu a m'mizinda ofewa ndi zokoma. Akakhazikika m'mizindamo nawonso amafewa, ndipo pakapita mibadwo itatu kapena inayi amagwetsedwa ndi ena ochokera kuchipululu. Herbert anamanga dziko lake pa chiphunzitso chimenechi. Asilikali oopsa a mfumu, Sardaukar, ndi olimba chifukwa anakulira pa pulaneti ya ndende. Afremen akuwaposa chifukwa Arrakis ndi yowawa koposa. Kusiyana kwake n'kwakuti Ibn Khaldun ankalemba za anthu amene anakhala nawo ndi kukambirana nawo, mafuko a Aarabu ndi a Berber amene ankawadziwa maina, pamene kwa Herbert chiphunzitsochi chasanduka lamulo la chilengedwe limene likutsekera Afremen m'khola. Ubwino wawo wonse ukuchokera ku ludzu, motero chinthu chimene akhala akuchilakalaka kwa mibadwo, madzi oyenda poyera, ndicho chidzawathetse. Mlembi sanawasiyire njira yokhalira Afremen atakhuta.

Mu God Emperor of Dune (1981), patapita zaka 3,500, Arrakis ndi yobiriwira ndipo chipululu chatsala kachigawo kochepa kosungidwa dala. Mwana wa Paul, Leto II, walamula kuti m'midzi ingapo mukhale anthu otchedwa Afremen a m'nyumba yosungiramo zakale, amene ntchito yawo ndi kuvala zovala za makolo, kuchita miyambo imene sakuimvetsa ndi kubwereza mawu akale monga momwe anawaloweza. Ena mwa iwo amagulitsa mipeni yotsanzira mpeni wopatulika uja kwa aliyense amene ali ndi ndalama. Herbert akuwalemba monyansidwa, ndipo Duncan Idaho, amene anawadziwa Afremen enieni, akupsa mtima powaona.